ANAMGUMI NDI MBALAME ZA PA NYANJA YA MCERE

Ambiri a inu muidziwa nyanja yathu ya Malawi, ndipo mudziwanso kuti tsiku lopanda nkhungu munthu woima pa gombe la kuno aona mapiri a tsidya lija. Nyanja ya mcere siri yotero iai. Sitima ikaturuka pa doko la Cape Town ndi kuloza kumadzulo, patapita maora owerengeka phiri la Table Mountain limira kumbuyo, ndipo masiku otsatawo palibe phiri, palibe mtengo, palibe ngakhale mwala woti diso lipumulepo. Madzi okha okha azungulira ponse, ndi thambo pamwamba. Apaulendo ambiri akaona cotero amati nyanja ndi cipululu, nalowa m'zipinda zao kukagona kufikira tsiku lofika. Komatu m'madzi omwewo mukhala nyama zazikuru zoposa zonse za pa dziko lapansi, ndipo pamwamba pao pauluka mbalame zimene zitha zaka zosaponda pa nthaka. Lero tifuna kukufotokozerani zimene munthu wopenyetsetsa aona pa ulendo wotere, maonedwe ace, ndi cifukwa cace kupenya kumeneku kuli nchito yofunika.

ULENDO WA KU TRISTAN DA CUNHA

Cisumbu ca Tristan da Cunha ciri pakati pa nyanja ya Atlantic, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,800 kucokera ku Cape Town. Anayamba kuciona ndi mkuru wa amalinyero wa Cipwitikizi, Tristão da Cunha, m'caka ca 1506, ndipo cisumbuco cinatenga dzina lace. Pakhala anthu osakwana 300, onse m'mudzi umodzi, patsinde pa phiri la moto lotalika mamita 2,062. M'caka ca 1961 moto unaphulika pafupi ndi mudziwo, ndipo anthu onse anawathawitsira ku England; koma mu 1963 ambiri a iwo anabwerera kwao. Pa cisumbuco palibe bwalo la ndege, cotero wofuna kukafikako ayenera kukwera sitima ndi kukhala pamadzi masiku 6 kapena 7.

Imodzi ya sitima zoyenda njira imeneyi ndiyo S.A. Agulhas II ya boma la South Africa, yotalika mamita 134, yomangidwa ku Finland, imene inayamba nchito mu 2012. Caka ndi caka, ca m'mwezi wa Sepitembala, isenza anthu ndi katundu, niima pa Tristan, nipitirira makilomita ena 400 cakumwera kufikira cisumbu ca Gough, kumene South Africa asunga nyumba yoyesera nyengo ciyambire 1956. Mwa okwera amakhalamo kawiri kawiri anthu amene nchito yao ndiyo kuima pamwamba pa sitima ndi kulemba mbalame ndi anamgumi onse amene aona. Tiyeni tikwere nao kumeneko.

MAPENYEDWE ACE

Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa nyanja mau amenewa ndi oona ndithu. Mlonda wa mbalame adzuka m'bandakuca, nabvala zopfunda zambiri, pakuti mphepo ya kumwera ilasa m'mafupa. Nakwera pa malo otalika, pamwamba pa cipinda coyendetsera sitima. Ali nao magalasi oonera patali, koma sayamba ndi magalasiwo, cifukwa aonetsa kadera kakang'ono kokha. Ayamba ndi maso ace, kuwayendetsa pang'ono pang'ono kucokera kutsogolo kwa sitima kufikira m'mbali, nabwereranso. Cimene afuna ndi kanthu kosiyana ndi macitidwe a mafunde. Thobvu la pfunde liyera kamphindi, nilizimirika pomwepo. Koma mpweya wa namgumi uima m'mwamba ngati utsi, nutengedwa ndi mphepo. Mbalame zosonkhana pamalo amodzi, zozungulira ndi kutera, zinena kuti pansi pali cakudya, ndipo pamene pali cakudya namgumi sakhala patali.

Pakuwerenga mbalame pali lamulo lace, kuti ciwerengero ca munthu uyu cilingane ndi ca mnzace wa m'sitima yina. Mlonda asankha mbali imodzi ya sitima, nawerenga zokhazo ziri m'kati mwa mamita 300. Akatha mphindi 10 atseka mzere, nalemba malo pamene sitima iri, nayamba wina. Mbalame zotsata sitima kumbuyo azilemba padera, kuopa kuti angawerenge imodzi yomweyo kakhumi. Ndipo mphindi 10 zikatha osaona kanthu, alembanso kuti sanaone kanthu. Pakuti kudziwa kumene mbalame kulibe kufunika monga kudziwa kumene ziri.

TSIKU LOYAMBA: MADZI OZIZIRA A KU CAPE

Tsiku loyamba ndilo la zooneka zocuruka. M'mbali mwa Africa ya kumwera cakumadzulo muyenda mtsinje wa m'nyanja wochedwa Benguela. Mphepo ikankha madzi a pamwamba kuwacotsa ku gombe, ndipo madzi ozizira a pansi akwera kulowa m'malo mwao, atasenza manyowa a pansi pa nyanja. Manyowawo akafika pa dzuwa pamera timbeu tating'ono tosaoneka ndi maso. Timbeuto tidyedwa ndi tizirombo, tizirombo ndi nsomba zazing'ono zonga usipa, ndipo nsombazo ziitana zamoyo zina zonse.

Pamenepa mudzaona mbalame zoyera, za mutu wacikasu ndi nsonga za mapiko zakuda, zochedwa gannet. Zikwera mamita 20 kapena 30 m'mwamba, nizipinda mapiko, nizigwa m'madzi ngati nthungo, zambiri nthawi imodzi, kotero kuti madzi aoneka ngati alikuwira. Mwina mudzaonanso kagulu ka penguin, mbalame zosauluka zimene zisambira ndi mapiko ao. Muziyang'anitse, pakuti zacepa kwambiri cifukwa ca kusowa kwa nsomba, ndipo mu 2024 zinalembedwa m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutha. M'madzi omwewa, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala ya zaka za 2011, 2014 ndi 2015, akatswiri anaona anamgumi a linunda atasonkhana kudya pamodzi, gulu limodzi 20, lina kufikira 200.

Sitima ikapitirira, ifika pamene pansi pa nyanja patsetsereka mwadzidzidzi kunka kozama. Pamenepo pagwira nchito sitima zokoka makoka, ndipo kumbuyo kwao kutsata mbalame zikwi zikwi zolimbirana matumbo a nsomba. Pakati pao pali ina ya mawanga akuda ndi oyera ngati nkhanga, imene Apwitikizi anaicha pintado. Palinso kena kakang'ono ngati namzeze, kakuda, ka banga loyera pamwamba pa mcira, kolemera magalamu 40 okha. Kameneka katambasula mapiko, nikalendewetsa miyendo, nikagunda madzi ndi mapazi ace ngati kalikuyenda pamwamba pao. Anthu amati ndi cifukwa cace amalinyero akale anacha mbalame za mtundu uwu petrel, pokumbukira Petro Woyera amene anayenda pa madzi.

KUZINDIKIRA NAMGUMI NDI MPWEYA WACE

Namgumi akhala m'madzi, koma si nsomba iai. Ali ndi mapapu ngati ng'ombe, mwazi wace ndi wopfunda, abala mwana wamoyo namuyamwitsa. Mphuno zace ziri pamwamba pa mutu, ndipo ayenera kubwera pamwamba pa madzi kudzapuma. Cimene anthu aona ngati kasupe si madzi a m'nyanja amene wamwa, koma mpweya wotentha woturuka m'mapapu mwamphamvu, umene usanduka nthunzi monga mpweya wa m'kamwa mwathu m'mamawa wa mwezi wa Juni. Kawiri kawiri mpweyawo ndiwo cokha cimene mlonda aona, cotero ayenera kuphunzira kuzindikira mwini wace.

Mpweya ukaturuka wogawika pawiri ngati mphanda ya mtengo, ndipo msana wakuda ukaoneka wosalala wopanda cipsepse, ameneyo ndi namgumi amene Angerezi amcha right whale. Pa mutu pace pali zipsera zotuwa zokhakhala, ndipo kakhalidwe ka zipserazo nkosiyana pa namgumi ali yense. Abwera m'magombe a ku South Africa, monga ku Hermanus, kuyambira Juni kufikira Novembala kudzabereka.

Mpweya ukakhala waufupi ndi wotambalala ngati citsamba, ndi namgumi wa linunda, wochedwa humpback. Zipsepse zace za m'mbali ndi zazitali kufikira mamita 5. Akonda kudumpha ndi kugwa cagada, ndipo pomira akweza mcira m'mwamba. Kunsi kwa mcirawo kuli mawanga akuda ndi oyera amene sakhala cimodzimodzi pa anamgumi awiri, monga zidindo za zala zathu. Nthawi ya dzinja adya m'madzi a cisanu a ku Antarctica. Nthawi yozizira akwera kumpoto kukabereka m'madzi opfunda, ena ku Angola ndi ku Gabon, ena ku Brazil, ena ku Madagascar ndi m'magombe a Mozambique.

Mpweya ukapendekeka kuloza kutsogolo cakumanzere, ndi sperm whale, wa mutu waukuru ngati bokosi, amene akhala kozama kokha. Iyeyu ali ndi mano, ndipo amira kupitirira mamita 1,000 kukasaka nyama za miyendo yambiri zochedwa squid, nakhala pansi pafupifupi ora lathunthu. Mukamuona atakweza mcira, musadikirenso. Sitima idzakhala itapita kutali asanaturuke.

Koma mpweya ukaima cowongoka ngati mtengo wa bulugamu, kufikira mamita 9, itanani anzanu onse, pakuti mwina ndi blue whale, nyama yaikuru koposa zonse zimene tizidziwa. Atalika kufikira mamita 30, nalemera matani 150, ndipo mwana wace abadwa ali kale mamita 7. Cinyama cotere cikhala ndi moyo ndi tizirombo tofiira tonga nkhanu zazing'ono, totalika ngati cala, tochedwa krill. Cimeza madzi ambiri pamodzi ndi tiziromboto, nicikankha madziwo ndi lilime kudutsa pa timizere tolendewera ku nsagwada ya pamwamba, ndipo cakudya citsalira monga misere itsalira m'sefa.

PAKATI PA NYANJA

Tsiku lacitatu ndi lacinai madzi asanduka obiriwira kwambiri, mbalame za ku gombe zonse zabwerera, ndipo maora apita osaona kanthu. Apa ndi pamene ambiri atopa natsika. Koma wopirira alandira mphotho yace, pakuti kuno ndi kwao kwa albatross. Ioneka kutali ngati kamtanda koyera kokwera ndi kutsika pakati pa mafunde. Posacedwa yafika pambali pa sitima, niyang'ana anthu ndi diso lakuda, osakupiza phiko ngakhale kamodzi. Mtundu waukuru koposa, wochedwa wandering albatross, utambasula mapiko kufikira mamita 3 ndi theka. Nkhwazi yathu, imene tiyesa yaikuru, ifika mamita 2.

Nanga iuluka bwanji yosakupiza? Mphepo ya pafupi ndi mafunde iyenda pang'ono, cifukwa mafundewo ailetsa. Ya pamwamba pang'ono ithamanga. Albatross ikwera moyang'anana ndi mphepo kulowa m'mphepo yothamangayo, nitembenuka, nitsika nayo mwaliwiro kufikira nsonga ya phiko itsala pang'ono kukhudza madzi, nitembenukanso nikwera. Pa phewa pace pali mtsempha umene ugwira phiko litatambasuka, kotero kuti sitopa. Namondwe amene abvutitsa anthu m'sitima ndiye bwenzi lace. Koma pakakhala bata itera pa madzi ndi kudikira. Imwa madzi a mcere osadwala, pakuti pamwamba pa maso ace pali tiziwalo tosefa mcere m'mwazi, ndipo mcerewo udontha pa mlomo. Mphuno zace ziri ngati timabango tiwiri pambali pa mlomowo, ndipo ipeza cakudya ndi pfungo.

Kale palibe anadziwa kumene mbalamezi zipita. M'caka ca 1990 akatswiri awiri a ku France, Pierre Jouventin ndi Henri Weimerskirch, anafalitsa zimene anapeza atamangirira timakina pa albatross za pa zisumbu za Crozet. Anaona kuti mbalame imodzi, posiya inzace pa dzira kukafuna cakudya, iyenda makilomita 3,600 kufikira 15,000 isanabwerere ku cisa. Akatswiri a ku Britain anaonetsanso mu 2005 kuti albatross ina ya mutu wotuwa inazungulira dziko lonse lapansi, m'nyanja za kumwera, masiku 46 okha. Ndipo zikhalitsa ndi moyo: ina ya pa cisumbu ca Midway m'nyanja ya Pacific, imene anaibveka mphete pa mwendo mu 1956, inaikirabe dzira mu 2024.

CIFUKWA CACE ANAMGUMI ACEPA

Mlonda akatha masiku awiri osaona mpweya wa namgumi, ayenera kukumbukira kuti nyanja iyi siinali cete cotere kale lonse. M'zaka za m'ma 1800 ngalawa za matanga za ku America zinali kusaka right whale pozungulira Tristan. Dzina lace lomwe linena kuti ndiye woyenera kumupha: ayenda pang'ono, ali ndi mafuta ambiri, ndipo akafa ayandama. Mafutawo anali kuyatsira nyali m'midzi ya ku America ndi ku Ulaya. Anamgumi othamanga, monga blue whale, anapulumuka nthawi imeneyo, pakuti mabwato opalasa sakadawapeza. Koma ca m'ma 1870 Svend Foyn wa ku Norway anakonza mkondo woponyedwa ndi mzinga, wophulika m'thupi mwa nyama, nauika pa sitima ya moto. Kucokera pomwepo panalibenso namgumi wothawa.

Mu 1904 Carl Anton Larsen anamanga malo osungunulira mafuta ku Grytviken pa cisumbu ca South Georgia. Ku Durban nchito yomweyi inayamba mu 1908, nitha mu 1975. Kuyambira 1925 kunadza sitima zazikuru zokokera namgumi wathunthu m'kati mwao, zimene zinali kusenda ndi kuphika nyama pakati pa nyanja osafunanso doko. Mafuta anali kupita kukapanga sopo ndi majarini. M'nyengo imodzi yokha ya 1930 ndi 1931 anapha blue whale oposa 29,000 ku Antarctica. Akatswiri atawerenga mabuku onse a osaka anapeza kuti pakati pa 1900 ndi 1999 anaphedwa anamgumi pafupifupi 2,900,000, ndipo oposa 2,000,000 a iwo anali a m'nyanja za kumwera.

Malamulo analipo, koma ena sanawasunge. Right whale analetsedwa kumupha kuyambira 1935. Koma sitima za boma la Soviet Union zinapha oposa 3,000 mobisa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ena a iwo pafupi ndi Tristan, ndi kupereka ziwerengero zonama. Cinsinsico cinaululidwa ndi katswiri wa ku Russia, Alexey Yablokov, mu 1993, ndipo cinatheka kudziwika cifukwa akatswiri ena okwera m'sitimazo anasunga mabuku ao oona zaka zambiri m'nyumba zao.

Bungwe la maiko loyang'anira za anamgumi, International Whaling Commission, lokhazikitsidwa mu 1946, linagwirizana mu 1982 kuletsa kusaka kwa malonda kuyambira 1986. Maiko owerengeka, monga Norway ndi Japan, akali kusaka m'nyanja zao za kumpoto; koma ku Antarctica mzinga unaleka kulira mu 2019. Ndipo taonani zotsatira zace. Right whale a kumwera, amene ca m'ma 1920 anatsala ngati 300 okha, anayesedwa 13,600 mu 2009. Anamgumi a linunda obereka ku Brazil, amene m'zaka za m'ma 1950 anatsala ngati 450, anafika pafupifupi 25,000 mu 2019. Koma blue whale wa ku Antarctica alikubwerera mocedwa: kale anali oposa 200,000, ca m'ma 1970 anatsala mazana owerengeka, ndipo tsopano ali zikwi zowerengeka. Cifukwa cace munthu angathe kuoloka nyanja kambiri osamuona.

MBEWA ZA PA CISUMBU CA GOUGH

Kutatsala tsiku limodzi kufika ku Tristan, mbalame zicurukanso, ndipo ndi izo amalinyero akale anali kudziwa kuti mtunda wayandikira. Zidza m'magulu akuru mbalame zochedwa great shearwater, zimene ziswa pa zisumbu izi, nizipita caka ndi caka kufikira nyanja za ku Canada ndi kubwerera. Ioneka ina yakuda ya mizere yoyera kuzungulira maso ngati yabvala mandala, imene iswa pa cisumbu cimodzi cokha ca Inaccessible pa dziko lonse lapansi. Ndipo pakati pa albatross zazikuru pali mtundu wochedwa Tristan albatross, umene pafupifupi wonse uswa pa Gough.

Mbalame imeneyi iyamba kuswa itafika zaka ngati 10. Yaimuna ndi yaikazi zikhala pamodzi zaka zambiri, niziikira dzira limodzi lokha, nizikhalira mosinthana milungu ngati 11. Mwanapiye akhala pa cisa miyezi 8 kapena 9, nyengo yonse ya cisanu, makolo ali kutali kukamfunira cakudya. Ndipo akakula bwino makolowo apumula caka cathunthu asanaikirenso. Mbalame yobereka pang'ono cotere siingathe kutaya ana ambiri.

Tsono m'zaka za m'ma 1800 ngalawa za osaka zikopa zinasiya mbewa za m'nyumba pa Gough mosadziwa. Posakhala mphaka kapena kadzidzi wozidya, zinaswana, nizikula koposa mbewa zinzao za kwina. Ca m'ma 2000 akatswiri owerenga zisa anadabwa kuona kuti anapiye ambiri afa ali ndi mabala. Ndipo mu 2004 anachera makina ojambula usiku, naona mbewa zikukwera pa mwanapiye wolemera kuposa izo kambirimbiri ndi kumudya wamoyo. Mwanapiyeyo sathawa, pakuti makolo ace ciyambire sanadziwe mdani wa pamtunda. Anayesa kuti mazira ndi anapiye a mitundu yonse otayika pa cisumbuco caka ciri conse ndi pafupifupi 2,000,000.

Mu 2021 bungwe la ku Britain losamala mbalame, RSPB, pamodzi ndi boma la Tristan ndi ena, anatumiza sitima ndi ndege za helikopita, namwaza mankhwala akupha mbewa pa cisumbu conse kuyambira Juni kufikira Ogasiti. Nyengo yotsatayo anapiye ambiri anakula osabvulazidwa. Koma mu Disembala caka comweco makina anajambula mbewa imodzi yamoyo. Pambuyo pace zinapezeka zina, nizicurukanso. Nchito yotere siilola kutsala ngakhale mbewa ziwiri. Nkhondoyo siinathe, ndipo akatswiri alikufunafuna cimene cinapulumutsa zotsalazo, kuti akadzayesanso pa Gough, kapena pa cisumbu ca Marion kumene kuli bvuto lomweli, asadzaphonye.

MBEDZA NDI ZINGWE

Ngozi yina iri pa nyanja pomwe. Sitima zina ziwedza ndi cingwe cotalika makilomita ambiri, ca mbedza zikwi zikwi. Pamene cingweco cilikutsika kumbuyo kwa sitima, albatross iona nyambo isanamire, niimeza, nikokedwa pansi ndi kumira. Zina zigundidwa ndi zingwe za citsulo zokoka makoka, nizithyoka mapiko. Kholo limodzi likafa cotero, mwanapiye wa pa cisa afanso ndi njala, pakuti kholo lotsala silingathe kumdyetsa lokha. Mitundu ya albatross iri 22, ndipo yoposa theka iri pa ngozi ya kutha.

Mankhwala a bvuto ili ndi apafupi modabwitsa. Asodzi aponya mbedza usiku, pamene mbalame zambiri sizidya. Amangirira zolemera kuti nyambo imire msanga. Nakoka kumbuyo kwa sitima cingwe ca nsanza zowala zolendewera, zimene ziopsa mbalame monga coopsera ca m'munda wa mapira. Mu 2001 maiko anakomana ku Cape Town napangana za kuteteza albatross ndi petrel, ndipo panganolo linayamba kugwira nchito mu 2004. Anthu a gulu lochedwa Albatross Task Force anayamba kukwera m'sitima za asodzi, kukhala nao masabata, kuwerenga mbalame zakufa ndi kuwaonetsa mamangidwe a zingwezo. Mu 2014 kunadziwika kuti m'sitima zokoka makoka kozama ku South Africa, pa albatross 100 zimene zinali kufa kale, tsopano inali kufa imodzi.

PHINDU LA KULEMBA

Mukayang'ana mbiri yonseyi mudzaona kuti pali ponse pamene cinthu cinakonzeka, panayamba pakhala munthu woona ndi kulemba. Amalinyero a ngalawa zosaka anali kulemba tsiku ndi malo a namgumi ali yense amene anapha. Mu 1935 Charles Haskins Townsend anasonkhanitsa mabuku ao akale, najambula mapu a anamgumi oposa 50,000, ndipo mapuwo atiuza lero kumene nyamazi zinali kukhala. Ku South Africa Peter Best anayamba mu 1969 kuwerenga right whale ali m'ndege, ndipo kuwerengako kwacitika caka ndi caka pambuyo pace. Ndi cifukwa cace tidziwa kuti alikucuruka. Mbewa za pa Gough zikadatha mbalame mwakacetecete pakadapanda anthu oyenda m'matope kuwerenga zisa.

Ngakhale wapaulendo wamba ali nalo gawo lace. Cithunzi ca mcira wa namgumi wa linunda, citatumizidwa pa intaneti kwa osunga zithunzi zotere, cilinganizidwa ndi zikwi zina. Mwa njira imeneyi kunadziwika kuti namgumi wamwamuna amene anajambulidwa ku Colombia, m'nyanja ya Pacific, mu 2013 ndi 2017, ndi yemweyo anajambulidwa ku Zanzibar mu 2022, pa mtunda wa makilomita 13,000. Anthu ojambulawo sanadziwane, ndipo palibe mmodzi wa iwo akadadziwa yekha za ulendo umenewu.

Tsono inu amene mudzapeza mwai wokwera sitima pa nyanja ya mcere, kapena ana anu opita ku nchito za pamadzi, musadzathe ulendo wonse m'cipinda. Mudzatenge cobvala copfunda, kabuku ndi pensulo, mudzakwere pamwamba m'mamawa ndi kuima kumene mphepo siikulasani kwambiri. Cimene mwaona mucilembe, pamodzi ndi tsiku, ora ndi malo. Cimene simunacizindikire mucifotokoze monga cinaonekera, osacipatsa dzina longoganiza. Pobwera mudzawerengere a kwanu, kuti naonso adziwe zamoyo zimene zikhala kuseri kwa gombe.